Mmene ndinayambira tanki ya makorali ofewa ku Area 47

Tanki yanga yoyamba inali ya mbuna. Ambiri osunga nsomba m'galasi kuno timayambira pamenepo, poti nsombazo n'zathu, za m'matanthwe a Nyanja ya Malawi, zomwe zimatumizidwa mpaka ku Ulaya kuchokera ku Senga Bay. Koma chaka china nditapita ku Dar es Salaam pa ntchito, ndinaolokera ku Zanzibar, ndipo kumeneko ndinaona pansi pa madzi zinthu zonga maluwa zikuweyuka ndi mafunde. Wotiperekeza uja anati si zomera ayi, ndi nyama zamoyo zotchedwa makorali. Ndinabwerera ku Lilongwe mtima uli komweko.

Kwathu kuno kulibe nyanja ya mchere. Gombe lapafupi lili ku Mozambique, cha ku Beira kapena ku Nacala, ndiye chilichonse chofunika mu tanki yotere chimayenda ulendo wautali chisanafike pakhomo. Izi ndi zomwe zinandichititsa kusankha makorali ofewa. Makorali olimba amamanga chigoba cha laimu, motero amamwa calcium ndi carbonate wa m'madzi tsiku ndi tsiku, amafuna magetsi owala kwambiri, ndipo madzi akangosintha pang'ono amayera n'kufa. Kuwonjezera apo ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa mayiko, kutanthauza kuti saoloka malire popanda zikalata zake. Ofewawa alibe chigoba, ali ndi titimingaminga ta laimu m'mnofu basi. Chakudya chawo chambiri chimachokera ku tindere tosaoneka ndi maso totchedwa zooxanthellae, tokhala m'thupi mwawo momwemo, tomwe timapanga shuga tikalandira kuwala. Amapirira madzi akadetsedwako pang'ono, ndipo munthu wogwira ntchito mpaka madzulo angathe kuwasamala.

Galasi anandidulira ku Old Town: masentimita 60 m'litali, 45 m'lifupi, 40 msinkhu, malita opitirira pang'ono 100. Ndinaumirira kuti amate ndi silikoni yopangira matanki a nsomba, chifukwa ija ya m'bafa imakhala ndi mankhwala opha chuku, ndipo amapha zamoyo zina zomwe. Tebulo lake anandikhomera kalipentala ndi matabwa a m'bawa. Chitsulo sindinachifune, mchere umachidya dzimbiri msanga. Tanki ikadzaza madzi, miyala ndi mchenga imalemera kuposa matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, choncho malo ake muziwasankha kamodzi. Yanga ndinaiika pakona ya pabalaza pomwe dzuwa la masana silifika.

Nkhani ya madzi ndiyo inanditengera nthawi. Madzi a pampopi amakhala ndi chlorine, ndiponso tinthu tina tosungunuka monga phosphate ndi silicate, tomwe kwa ife tilibe vuto koma mu tanki timadyetsa ndere. Choopsa koposa ndi kopa: ngakhale wochepetsetsa amapha nkhono ndi makorali, ndiye pasakhale kachitsulo ka kopa kapena ka bulasi kokhudza madziwo. Ndinagula kamakina kosefera madzi kotchedwa RO, n'kukalumikiza pa mpopi wa kuseri. Kamafuna madzi otuluka mwamphamvu, motero ndimasefa usiku pamene anthu ambiri atseka mipopi. Madzi omwe kamataya ndi ochuluka kuposa omwe kamapereka, koma sapita pachabe, amathirira mpiru ndi tomato pa kadimba kathu.

Tsiku lomwe ndinatchula mtengo wa mchere, mayi a kunyumba anaima kaye kupeta mpunga.

"Bambo a ana, mchere wa pamsika uja sungagwire ntchito? Thumba lonse si ndalama zambiri."

Ndinawafotokozera kuti wa pamsika ndi mtundu umodzi wokha wa mchere, wothiridwa ayodini, pamene m'madzi a m'nyanja muli magnesium, calcium, potassium ndi zina zambiri, chilichonse pa mlingo wake. Anamvetsa, ndipo ndi iwo amene anakumbukira kuti alamu anga amayenda pa basi kukaoda katundu ku Johannesburg. Ndi alamuwo amene amandibweretsera ndowa ya mchere ya makilogalamu 20, ndipo imandifikitsa pafupifupi chaka. Madzi a m'nyanja amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita. Ine sikelo ndimangoyambira, womaliza kunena ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere, konga tochi, komwe umadonthezapo madzi n'kusuzumira. Ndimafuna kawerenge 1.025 kapena 1.026. Mchere ndimasungunulira mu ndowa, pampu ikuzungulitsa madzi usiku wonse, osati kuuthira mu tanki muli zamoyo.

Nditaika mchenga wa laimu wotchedwa aragonite ndi miyala youma ya mabowobowo, ndinadzaza madzi, n'kuyatsa pampu ndi hita. Kenaka ndinamanga kausipa kamodzi m'kansalu n'kukaponya momwemo kuti kaole, ndikuthirako botolo la mabakiteriya oyambitsira. Chinthu chikamaola chimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni kwa nsomba. Mabakiteriya ena amamusandutsa nitrite, nayenso poizoni, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe saopsa akakhala wochepa. Mabakiteriyawa amamanga mudzi wawo m'mabowo a miyala, ndipo sungawafulumizitse. Ndinkayeza madzi masiku atatu aliwonse ndi timabotolo ta mankhwala osintha mtundu. Amoniya anakwera sabata yoyamba, nitrite anatsatira, ndipo onse awiri anafika pa 0 sabata yachisanu. Nthawi yonseyo alendo ankangoona miyala m'madzi n'kumafunsa kuti nsomba zabisala pati. Kenaka mchenga ndi galasi zinachita bii ndi ndere zofiirira. Zimenezi zimachitika mu tanki yatsopano, ndipo zimatha zokha chakudya chawo chikachepa. Oyamba kulowa anali nkhono zisanu za mtundu wa trochus, zodya ndere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinawaonadi, nditagwada pa galasi madzulo ena, nkhono ikuseta njira yoyera pakati pa ndere.

Ndisanaitanitse chamoyo chilichonse ndinapita ku Dipatimenti ya Usodzi kukapempha chilolezo. Lamulo la dziko lino sililola kulowetsa nsomba zamoyo mwachisawawa, ndipo ine ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse. Bokosi linafikira pa bwalo la ndege la Kamuzu. Kunyumba ndinayandamitsa matumba mu tanki mphindi 15 kuti kutentha kufanane, ndiye n'kumadonthezera madzi a mu tanki pang'onopang'ono kwa theka la ola. Madzi a m'matumba ndinawataya, sindinawathire mu tanki.

Makorali onga bowa, a mtundu wa Discosoma, ndinawaika pansi pomwe kuwala ndi mafunde n'zochepa. Green star polyps, aja obiriwira ngati kapinga wa pa bwalo la mpira, ndinawapatsa mwala wawokha pakati pa mchenga, poti amayanga ngati maungu ndipo akagwira miyala ikuluikulu sungawachotsenso. Kenya tree, wonga kamtengo ka nthambi, ali pakati. Pamwamba pali toadstool, dzina lake lenileni Sarcophyton, wooneka ngati ambulera ya chikopa. Ameneyu anandidetsa nkhawa mwezi wachiwiri. Anabweza timanja take tonse, n'kukhala wosalala ndi wonyezimira masiku asanu ndi limodzi. Ndinaganiza kuti wafa. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anafundula kakhungu kopyapyala ngati pulasitiki, natambasuka kuposa kale. Ndi mmene amadzitsukira. Korali wakufa amanunkha ndipo amayoyoka ukamukhudza, ndiye ngati zimenezo palibe, musiyeni, ingomulozetsani mafunde kuti kakhunguko kachoke. Makorali a chikopawa amatulutsanso mankhwala olimbana ndi anzawo oyandikana nawo, n'chifukwa chake mu sefa mumakhala kathumba ka makala apadera osefera madzi, komwe ndimasintha mwezi ndi mwezi. Si makala a pambaula ayi.

Pali gulu limodzi lomwe ndikupemphani mulisamale kwambiri, ma zoanthid, makamaka a mtundu wa Palythoa. Ndi okongola ngati mikanda, koma ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsa kwambiri m'chilengedwe. Amalowa pa bala, m'maso, ngakhale popuma. Musawagwire chimanjamanja, valani magolovesi ndi magalasi. Mwala womwe anamerapo musauphike kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake ikhoza kudwalitsa nyumba yonse. Kwathu ana amadziwa kuti dzanja sililowa mu tanki, ndipo pali chivindikiro cha neti pamwamba.

Nsomba ndili nazo ziwiri zokha, ma clownfish a mtundu wa ocellaris, zoswedwera mu tanki osati zogwidwa m'nyanja. Ndinazigula zili zazing'ono zofanana, ndipo imodzi itakula kuposa inzake inasanduka yaikazi, monga zimachitira nsomba zimenezi. Ndimazipatsa chakudya kamodzi patsiku, chomwe zingamalize pa mphindi imodzi. Nsomba zikachepa, zinyalala zimachepa, ntchito nayo imachepa.

Koma chomwe chimasiyanitsa tanki ya ku Lilongwe ndi ya kwina ndi magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira maola omwe tinkakhala mumdima. Nthawi imeneyo ndinali ndi mbuna, ndipo ndinaziona zikupumira pamwamba pa madzi pampu itaima. Madzi a mchere amasunga mpweya wochepa kuposa madzi wamba, akatentha umacheperachepera, ndipo mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja, komwe mpweya ndi wopepukirapo. Choncho ndisanagule korali ndi mmodzi yemwe ndinayamba ndagula batire ndi inveta. Pa batirepo ndinalumikizapo pampu yokha yogwedeza madzi, ya mawati ochepa kwambiri, yoloza m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazichita timafunde. Nyale sindinailumikize, makorali amatha kukhala masiku awiri osawala popanda vuto, monga zimakhalira kunyanja kukachita mitambo. Hita ya mawati 100 ingamalize batire msanga, ndiye magetsi akazima usiku wa mu Juni kapena Julayi ndimafunditsa tanki bulangete. Madzi malita 100 sazizira msanga. M'kabati mumakhalanso kapampu ka mpweya koyendera mabatire a mu tochi.

Kuzizira ndinakukonzekera, koma kutentha kunandipeza ndisanakonzeke. Makorali amafuna madigiri 24 mpaka 26. Mu Okutobala woyamba, mvula isanagwe, ndinabwera kuntchito n'kupeza themomita ili pa 30. Korali wanga wa mtundu wa Xenia, uja timanja take timatseka ndi kutseguka tokha ngati akuomba m'manja, anali atafota, ndipo patapita masiku awiri anasungunuka. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndiye amene mwana wanga wamkazi ankakonda kumuyang'ana asanagone. Ndinamuchotsa msanga, n'kusintha madzi malita 20. Kuyambira pamenepo, nyengo yotentha ndimaika kafani kouzira pamwamba pa madzi, ndipo kamatsitsa kutentha ndi madigiri awiri kapena atatu. Mu firiji mumakhala mabotolo otseka a madzi oundana oti ndiyandamitse zikavuta. Nyale nayo ndinaisintha, imayaka kuyambira 2 koloko masana mpaka 10 koloko usiku, maola 8, kuti isawonjezere moto dzuwa lili paliwombo.

Fani ikamazungulira, madzi amauma kwambiri, nthawi zina malita awiri patsiku. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa. Chimauluka ndi madzi okha, mchere umatsala, choncho obwezeretsa akhale a RO opanda mchere. Ndinamata kachingwe ka tepi pa galasi, ndipo m'mawa ndi madzulo ndimathira mpaka pa mzerepo. Ndikachokapo, mphwanga ndiye amatsala ndi ntchitoyi. Ulendo woyamba anandiimbira foni.

"Achimwene, nsombazi zikuoneka kuti zili ndi njala, ndiwonjezereko?"

"Ayi, usawonjezere. Ingozipatsa kapepala ka lero komwe ndakulungira, zimapempha choncho nthawi zonse."

Masiku ano ntchito ya tsiku ndi tsiku siposa mphindi zisanu: kuthira madzi, kudyetsa, kuyang'ana themomita, kupukuta galasi ndi maginito. Loweruka m'mawa ndimapopa malita 10 ndi kapaipi, n'kubwezeretsa atsopano omwe anagona mu ndowa, ofanana mchere ndi kutentha. Madzi akalewo amapita ku ngalande ya m'bafa, ku dimba angaumitse mbewu. Kamodzi pa mwezi ndimayeza nitrate ndi alkalinity (mlingo wa carbonate m'madzi), yemwe amakhala cha pa 8 pa muyezo wa dKH, ndi kutsuka pampu m'viniga. Mankhwala ena owonjezera sindithira, madzi atsopanowo amabweretsa zonse zomwe makorali ofewa amafuna.

Kenya tree uja tsopano wayamba kugwetsa nthambi zake, ndipo iliyonse ikakhazikika pa mwala imamera payokha. Sabata yatha ndinatola ziwiri n'kuzimangirira mosathinitsa pa timiyala ndi kalabala, ndipo zagwira kale. Ndikusungira mnzanga wina wa ku Area 18 amene tanki yake ili sabata yachitatu. Dzulo ananditumizira chithunzi cha kabotolo koyezera nitrite, madzi ake akadali ofiirira, ndiye tagwirizana kuti ayezenso Lachisanu.