Azakhali amafuna mano oyera, adokotala anayamba ndi nkhama

Lachiwiri, usiku

Azakhali anafika dzulo kuchokera ku Nathenje atanyamula kathumba ka mtedza, mbatata pang'ono ndi nkhani imodzi: akufuna kuyeretsa mano ukwati wa mwana wawo wotsiriza usanafike. Ukwatiwo uliko mu Okutobala. Nsalu inagulidwa kale, atelala akusoka, za duku anamvana kale ndi anzawo a Chigwirizano. Chatsala ndi pakamwa.

Mano awo ali ndi mawanga ofiirira, pena oyera mbuu, ndipo ine ndakula ndikuwaona choncho. Pa zithunzi zonse za pabanja pathu anthu akuseka, iwo atseka pakamwa kapena aphimba ndi nsonga ya chitenje. Alendo amawayesa aukali, chonsecho ndi munthu wa nthabwala kuposa tonsefe. Amene anayambitsa zimenezi ndi mwana wawo wamwamuna ali ku Johannesburg uja. Anatumiza ndalama, kenako kavidiyo pa WhatsApp ka mayi wina amene akulowa m'chipinda mano ali achikasu n'kutuluka ali mbee. Kwa azakhali inali ntchito ya ola limodzi, masana akwere minibasi azipita.

Tinanyamuka ku Area 25 kuzizira kwa Juni kudakaluma, mpaka pachipatala china cholipira cha m'tauni. Adokotala ake ndi mtsikana, mwina msinkhu wanga, wolankhula mofatsa. Anamvetsera nkhani yonse ya ukwati osawadula, kavidiyo kaja anakaonera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mayi, ndaona. Koma ndiyambe ndaona m'kamwa monse."

Anatenga kachitsulo kowonda kokhala ndi timizere kunsonga, n'kumakalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama, dzino lililonse kutsogolo ndi kumbuyo, uku akutchula manambala oti mnzawo azilemba: 3, 3, 5, 4, 7. Ine ndinali chapafupi ndipo ndimaona. Pena kachitsuloko kamangogunda pamwamba, pena kamamira ndithu, ndipo akakatulutsa magazi amatsatira, kudzaza m'mphepete mwa dzino. Pa dzino lina lotafunira panatuluka timafinya. Mano awiri apansi akutsogolo anawagwira ndi zitsulo ziwiri, ndipo anasuntha ine ndikuona.

"Mukamatsuka mano mumatuluka magazi?"

"Aaa, chiseyeye chimenecho n'chakalekale adokotala. Ndikachukucha ndi madzi amchere chimaleka."

"Nanga mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku alipo?"

Azakhali anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabuku kawo ka kuchipatala ndi timapepala ta mapilisi: metformin wa shuga, amlodipine wa BP. Adokotala anagwedeza mutu, n'kutitumiza kukajambulitsa ekisire.

Zimene anafotokoza titabwerako ndizilemba mmene ndinazimvera, chifukwa inenso sindinkadziwa kuti manambala aja ndi mamilimita. Nkhama yabwino imagwira dzino, ndipo kampata kake sikapitirira mamilimita 3. Zikafika pa 4 kapena 5 ndiye kuti nkhama yayamba kulekana ndi dzino, papangika kathumba komwe mswachi sufika. Pa 6 kupita m'tsogolo ndi matenda okhazikika. Chiyambi chake ndi kautoto koterera kamene kamamata pa mano tikadya, kodzaza ndi tizilombo. Kakapanda kuchotsedwa kamauma n'kusanduka chikakamba cholimba chimene mswachi sungachichotsenso. Nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, ndipo pamenepa matendawa amatha ndithu munthu akatsukidwa bwino. Koma akalowa pansi amayamba kudya fupa limene lagwira mizu, ndipo fupa likapita silibwerera lokha. Pa ekisire anatilozera pamene fupa limayenera kulekezera ndi pamene lili pano. Pa mano awiri ogwedera aja latsika pafupifupi theka la muzu. Anati zili ngati mtengo wa m'mbali mwa khwawa umene madzi akokolola dothi lake: mtengowo ulibe chilema, koma chougwira chikutha. N'chifukwa chake munthu amatha kuguluka dzino labwinobwino, lopanda bowo ngakhale limodzi, lisanamupwetekepo.

Shuga ndi matendawa zimakokerana. Shuga akakwera nkhama sizichira msanga, ndipo nkhama zikakhala zotupa nthawi zonse shuga amavuta kutsika. Za amlodipine ndiye zinandidabwitsa: kwa anthu ena amakulitsa nkhama, zimafufuma n'kumakwera pa mano, zonyansa n'kumabisala bwino. Nifedipine amachitanso chimodzimodzi, ngakhalenso phenytoin amene amamwa odwala khunyu. Apa anatsindika kawiri kuti asayerekeze kusiya mapilisiwo paokha. Analemba kakalata koti akapereke kumene amalandira mankhwala a BP, akaone okha ngati n'koyenera kusintha.

Kenako ananena chimene azakhali sanabwerere. "Mayi, lero sindikuyeretsani mano."

M'chipindamo munati zii. Azakhali anadzuka pampando paja, kansalu kali pachifuwa, n'kufunsa, "Ndiye kuti ndalama zangazi simukuzifuna?"

Adokotala anaseka, koma sanasunthe. Mankhwala oyeretsera mano ndi peroxide, ndipo akakhudza nkhama zazilonda ndi mizu imene yaonekera, munthu amamva kuwawa koti sangamwe ngakhale madzi. Chinanso, nkhama zotupa zikachira zimaphwa n'kubwerera m'mbuyo. Chilichonse chimene angamate pa dzino lero poyeza ndi nkhama yotupayi, pakatha miyezi ingapo m'mphepete mwake mudzaonekera mzere, ndalama zitapita kale.

Mawanga aja nawo si litsiro ayi. Atamva kuti azakhali anabadwira ndi kukulira ku Nathenje, adokotala sanadabwe. Madzi a pansi a m'madera ena kumeneko ali ndi mchere wachilengedwe wotchedwa fluoride wambiri, kupitirira 1.5 mg pa lita imene bungwe la WHO limati isapyoledwe, ndipo vuto lomweli likupezekanso m'madera ena a ku Machinga ndi ku Nsanje. Fluoride wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amamuika mu mankhwala otsukira mano. Koma mwana akamamwa wochuluka mano ake akupangika, asanakwane zaka 8, mawangawo amalowa m'kati mwa dzino lenilenilo. Zaka zonsezi azakhali akhala akukwecha ndi makala ndi phulusa, kuyesa kuchotsa chinthu chimene sichili pamwamba. Chimene achotsa ndi mbali yakunja yolimba yoteteza dzino, ndipo m'khosi mwa mano ena mwakumbika timigula. Pamenepa nkhope yawo inagwa. Ndikuganiza kuti chinawapweteka si kukanidwa kuja, koma kumva kuti ankachita manyazi ndi chinthu chimene sichinali uve wawo.

Njira zokongoletsera zilipo, ndipo anazitchula mosabisa pamodzi ndi kuipa kwake. Mawanga osazama amatha kupalidwa pang'ono pamwamba ndi phala lokhala ndi asidi, kenako munthu n'kumavala timapulasitiki toumbidwa molingana ndi mano ake, tothiramo peroxide, kwa milungu ingapo kunyumba. Mawanga ozama amaphimbidwa ndi composite, phala loyera lomwe lija amamatira mabowo, limene amaliumba pa dzino n'kuliumitsa ndi kanyali ka buluu. Limeneli silifuna kusema dzino kwambiri, likathetheka limakonzeka, koma limathimbirira ndi tiyi pakapita zaka. Kuli ma veneer a porcelain, timapale topyapyala tomata kutsogolo kwa dzino, okongola ndi okhalitsa, koma amasema kaye kutsogolo kwa dzino pafupifupi theka la milimita, ndipo chosemedwacho sichimeranso: ukayamba, ndiwe wa ma veneer moyo wonse. Mtengo wake titaumva, azakhali anangoti "Mayo!" Za mano obzala m'fupa ndi chitsulo cha titanium anangodutsapo. Anati pakamwa pamene pali matenda a nkhama osachizidwa, chitsulocho chimadwalanso ngati dzino, fupa n'kuchoka mozungulira.

Ndinawafunsa za mano oyera mopitirira aja timaona anthu akubwera nawo kuchokera ku Turkey. Anati ambiri mwa amenewo ndi zisoti zovindikira dzino lonse, ndipo kuti chisoti chilowe, dzino labwinobwino amalisema mbali zonse mpaka kutsala kachitsa. Pa kavidiyo gawo limenelo saonetsa.

Ine pano ndimaganiza kuti mtsikana ameneyu akanatha kungolandira ndalama. Wodwala wabwera yekha, ndalama zili m'manja, akudziwa chimene akufuna, ndipo abwerera kumudzi kumene sadzabweranso kudzadandaula. Sindikunena kuti kufuna mano okongola n'kupusa. Mayi wa zaka pafupifupi 60 amene sanasekepo momasuka pa chithunzi ali ndi chifukwa chomveka, ndipo adokotala sanamunyoze ngakhale pang'ono. Anangokana kuyamba ndi kumapeto.

Choncho m'malo moyeretsa, lero anatsuka. Kamakina kake kamalira mokwiyitsa, kamanjenjemera kunsonga uku kakupopera madzi. Atafika kuseri kwa mano apansi akutsogolo, chinthu chinagamphuka, chachikasu chakuda kunsi, kukula ngati theka la njere ya chimanga. Azakhali anakweza dzanja. Atalavula anayang'ana m'kabeseni n'kunena mokalipa, "Mwandiswera dzino!" Adokotala anachitola ndi kachitsulo, kuchiika pa thonje n'kuchiphwanya iwo akuona. Chinafumbutuka. Chinali chikakamba chija, chimene chinamanga mano anayi pamodzi mpaka lilime lawo linazolowera kuti pamenepo ndi posalala. Tsopano pali mipata, mphepo ikulowa, ndipo mano ogwedera aja akumveka ogwedera kuposa kale. Anawachenjeza kuti zimenezi zimachitika, ndipo n'zimene zimapangitsa anthu kufalitsa zoti kutsukitsa mano kuchipatala kumagwedeza mano. Mano amakhala atagwedera kale, chikakambacho chimangobisa.

Ntchito yeniyeni ikubwera. Sabata yamawa adzabaya jekeseni wa dzanzi n'kupala mizu pansi pa nkhama mbali imodzi, kenako mbali inayo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu adzayezanso manambala aja. Timatumba tambiri timaphwa ndi kupala kokhaku ngati munthu akutsuka bwino kunyumba. Totsala tozama ndi timene timafuna opaleshoni yotsegula nkhama kuti atsuke akuona, nthawi zina kuikapo zothandiza fupa kumera pamene mpata wake walola. Mano awiri ogwederawo angathe kuwamangirira kwa anzawo ndi kawaya kuseri. Azakhali anapempha maantibayotiki, monga timachitira tonse, koma anakanizidwa: mapilisi sachotsa chikakamba, ndipo amaperekedwa pokhapokha pakhale chifukwa chapadera. Anapatsidwa chlorhexidine wochukuchira m'kamwa kwa milungu iwiri yokha, chifukwa akapitirira amadetsa mano.

"Ndabwera kudzayeretsa, inu mukundipatsa odetsa," anatero azakhali. Apa ndi pomwe anaseka koyamba.

Za ukwati adokotala sanalonjeze. Anangoti ngati pofika Seputembala magazi adzakhale atasiya ndipo shuga ali bwino, composite pa mano anayi apamwamba akutsogolo ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Tikudikira minibasi ndimaganiza za anthu a kwawo kwa azakhali. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti matenda aakulu a nkhama ali ndi anthu oposa 1 biliyoni padziko lonse, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse. Kuno kwathu ambiri amafika kuchipatala dzino litagwedera kale kapena tsaya litatupa, ndipo chotsala chimakhala kuzula. Kwa zaka zambiri ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma yakhala m'manja mwa ma dental therapist, othandiza odwala mano ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, pamene madokotala a mano enieni ankaphunzira kunja. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo ndondomeko ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. N'zatsopano zonsezi. Kachitsulo koyezera kaja azakhali akumana nako lero koyamba, chonsecho magazi anayamba kutuluka ana awo ali ku pulayimale.

Masana ndinalowa ku ntchito, palibe chapadera. Pobwerera ndinadzera ku famase kukagula mswachi wofewa ndi timiswachi ting'onoting'ono tolowetsa pakati pa mano, timene ndinachita kufunafuna.

Madzulo anaimba wa ku Johannesburg, kufuna aone mano atsopano pa vidiyo. Atamva kuti sanayeretse anayamba kukwiya, akuti madokotala a kuno amangofuna munthu azibwerabwera kuti adye ndalama. Ndimati ndiyankhe, koma azakhali anandilanda foni. "Iwe, unaona chimene chatuluka m'kamwa mwangamu? Khala chete. Utumize ya thiransipoti ya sabata yamawa." Za manambala anamufotokozera okha, mpaka 7 uja, ngati kuti akhala akuzidziwa kuyambira kale.

Pa makala pokha sitinamvane. Akuti agogo anga ankatsukira makala ndi kamtengo ndipo anamwalira ndi mano onse. Ndawakumbutsa kuti agogo sankathira masupuni atatu a shuga mu tiyi, ndipo andiyankha kuti ndine mwana, ndisawaphunzitse. Nsima adya ndi mazira chifukwa nkhama zikuwawa, chimanga chokazinga chimene anabwera nacho ndachibisa pamwamba pa kabati. Mawa m'mawa tikayezetsa shuga asanadye kanthu, ndipo nkhondo ya tiyi wa 6 koloko yayamba kale usiku uno.