Zomwe ndikuphunzira pa kuika injini yamphamvu m'galimoto yakale ya ku Japan

Chomwe chimakopa anthu pa nkhani yosintha injini ndi nambala ya mphamvu. Toyota Corolla AE86, yomwe inapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1987, inkabwera ndi injini ya 4A-GE ya malita 1.6, yotulutsa PS 130 (PS ndi muyezo wa mphamvu ya injini) pamsika wa ku Japan. Injini ya F20C ya mu Honda S2000 ya 1999 imatulutsa PS 250. Munthu akangoona manambala awiriwa, mtima dyokodyoko: chotsa iyi, lowetsa iyo, galimoto iuluke. Koma pa maphunziro anga a umakaniko, mutu umenewu ndaukhalira pansi ndithu, ndipo kope langa ladzaza ndi zinthu zina, za injini yeniyeniyo n'zochepa. Kugula injini ndi kuipachika ndi gawo laling'ono. Ntchito yaikulu ili pa zitsulo zonse zomwe mphamvuyo idutsemo isanafike pa tayala.

Samu yomwe inanditsegula mutu ndi ya torque, mphamvu yopotokola yomwe injini imapereka ku shafti. PS imapezeka pochulukitsa torque ndi liwiro lomwe injini ikuzungulira. Tsono kilatchi, giyabokosi, propushafti (shafti yopititsa mphamvu kumbuyo), difu (magiya ogawira mphamvuyo ku matayala awiri) ndi ma akiso sizimva PS ayi, zimamva torque. Injini ya 4A-GE imapereka pafupifupi Nm 150 (Nm ndi muyezo wa torque). Giya yoyamba ya giyabokosi ya T50 ya mu AE86 imachulukitsa torque ka 3.6, difu n'kuchulukitsanso ka 4.3. Pofika ku ma akiso, Nm 150 zija zasanduka pafupifupi 2,300. Muikemo SR20DET ya Nissan, ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), yopereka pafupifupi Nm 275, magiya n'kuwasiya momwemo: ma akiso omwe aja, omwe agwira kale ntchito zaka makumi anayi, ayenera kusenza zoposa 4,200. Matayala akakhala opyapyala amaterereka, ndipo kutererekako kumapulumutsa zitsulo. Koma mwini galimoto yamphamvu safuna kuterereka, amakagula matayala otambalala ogwira msewu bwino. Akatero wachotsa chomwe chimateteza difu, ndipo chothyoka chimakhala dzino la giya kapena akiso. N'chifukwa chake ambiri amene amaika injini za turbo mu Corolla zakale amasinthanso giyabokosi n'kuika difu yaikulu ngati ya Hilux. Walira mvula walira matope.

Samu yomweyi ndi imene inandionetsa kuti injini ziwiri zofanana PS zikhoza kukhala zosiyana kotheratu pa galimoto. F20C imafika pa PS 250 chifukwa imazungulira mpaka ka 9,000 pa mphindi, pomwe torque yake ili pafupifupi Nm 220 basi. SR20DET ya mu Silvia S15 nayo ndi PS 250, koma torque yake ndi yokulirapo ndipo imabwera turbo ikangodzuka. Yoyambayo imachitira chifundo zitsulo zakumbuyo, yachiwiriyo imaziyesa. Pamwamba pa apo, manambala a ku Japan a nthawi imeneyo ndi ofunika kuwawerenga mosamala. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mpaka 2004, makampani a galimoto kumeneko ankamvana kuti asalengeze mphamvu yoposa PS 280. Choncho RB26DETT ya malita 2.6 ya mu Skyline GT-R ndi 2JZ-GTE ya malita 3.0 ya mu Supra, zonse papepala ndi 280, chonsecho 2JZ-GTE imapotokola ndi Nm zoposa 400.

Kenako pali funso loti injiniyo ikhala bwanji m'malo mwake. Apa ndi pomwe ndakhalitsa kwambiri, chifukwa mavuto ake ndi a masentimita ochepa koma amaimitsa ntchito yonse. Pansi pa injini pali sampu, pomwe oyilo amasonkhana, ndipo chimimba chake chimakhala kutsogolo, pakati kapena kumbuyo malinga ndi galimoto yomwe injiniyo inapangidwira. Pansi pomwepo m'galimoto yolandira injini mumadutsa chitsulo chopingasa chomwe chimanyamula injini, komanso zitsulo za chiwongolero. Chimimba chikagwera pa chitsulocho, injini singakhale pansi, ndipo mukaikweza boneti sitseka. Amene amaika RB26DETT mu Datsun 240Z, galimoto yomwe inatuluka mu 1969 ndi injini ya L24 ya malita 2.4, amakumana ndi zoposa apa. Skyline GT-R imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo difu yakutsogolo inamangidwira ku sampu. Kuti injiniyo ikoke matayala akumbuyo okha, sampu imasinthidwa pamodzi ndi paipi yokokera oyilo, ndipo ambiri amatenga giyabokosi ya RB25, injini ina ya Nissan ya banja lomwelo.

Ngakhale kusintha komwe anthu amati n'kosavuta kuli ndi msampha wake. Nissan S13 ku America inkagulitsidwa ndi dzina loti 240SX, ili ndi injini ya KA24 yopanda turbo, pomwe mbale wake wa ku Japan, Silvia ndi 180SX, analandira SR20DET ya PS 205 kuyambira 1991. Thupi ndi limodzi, kotero injini imakhala pa zomangira zake popanda kuwotcherera. Komabe injiniyo inakonzedwera galimoto ya chiwongolero cha kumanja, turbo n'kuikidwa kumanzere komwe kuli malo. Mu 240SX chiwongolero chili kumanzere, ndiye turbo yotentha ija imayandikana ndi shafti ya chiwongolero ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki. Popanda chotchingira kutentha, mabuleki ndiwo amalipira.

Za Honda zinandiseketsa pang'ono. Injini zakale za B ndi D, kuphatikizapo B16A ya 1989 yomwe inali yoyamba kukhala ndi VTEC (njira ya Honda yosinthira katsegukidwe ka mavalavu), zimazungulira mosemphana ndi injini za makampani ena ambiri. Injini za K zomwe zinayamba mu 2001 zimazungulira mbali inayo. Choncho woika K20A mu Civic ya zaka za m'ma 1990 sangagwiritse ntchito giyabokosi yakale, ndipo injini ndi giyabokosi zimasinthana mbali pansi pa boneti. Zomangira, ma akiso, zingwe za giya, zonse zatsopano, ngakhale dzina pa injini ndi pa galimoto ndi limodzi. Ku Toyota nakonso, 4A-GE ya mavalavu 20 yomwe inatuluka mu 1991 ndi PS 160 imaoneka ngati yongolowetsa mu AE86 poti ndi banja limodzi. Koma inapangidwira Corolla yokoka ndi matayala akutsogolo, momwe injini imagona chopingasa. Mukaitembenuza kuti iloze kumbuyo, distributor, yomwe imagawa moto ku mapulagi, imagunda khoma lolekanitsa injini ndi anthu, ndipo mapaipi a madzi amatulukira kumbuyo, kutali ndi rediyeta.

Kulemera ndiye nkhani yomwe ndikuona kuti imanyalanyazidwa kwambiri. AE86 imalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo kukoma kwake konse kuli pa kupepukako ndi momwe imakhotera. RB26DETT ndi 2JZ-GTE ndi injini za masilinda 6 ondondozana, zazitali, za buloko ya chitsulo cholemera. Kuziika m'galimoto yaing'ono kumaika katundu wambiri kutsogolo kwa matayala akutsogolo. Pamsewu woongoka galimoto imathamanga zoopsa, koma pakona mphuno imakana kukhota, ndipo kumbuyo kopepukako matayala amangozungulira. Chodabwitsa n'chakuti V8 ngati 1UZ-FE ya mu Lexus LS400 ya 1989, ya malita 4.0, ndi yaifupi kuposa injini zimenezi, poti masilinda ali anayi mbali iliyonse, ndipo buloko yake ndi ya aluminiyamu. Vuto lake limakhala m'lifupi.

Mafuta ndi mawaya ndi zomwe zimachedwetsa ntchito injini itakhala kale m'malo mwake. Galimoto ya kabureta ngati 240Z imatumiza petulo ndi mphamvu yochepa, yosafika theka la bar (muyezo wa mphamvu yokankhira m'paipi). Injini ya ma injector, opopera petulo mu injini, imafuna pafupifupi bar 3. Pamafunika pampu ina, mapaipi opirira mphamvu imeneyo, ndi njira yobwezera petulo wotsala ku thanki. Paipi yakale ya labala ikasiyidwa, imang'ambika n'kuwaza petulo pafupi ndi ekizozi, ndipo zotsatira zake ndi moto. Thanki yakale nayonso ilibe zotchinga m'kati, choncho pakona petulo amathawira mbali imodzi, pampu n'kukoka mpweya, ndipo injini ya turbo ikaperewera petulo ili pa liwiro imasungunula pisitoni.

Ku mawaya, injini yatsopano imayendetsedwa ndi ECU, kompyuta ya injini, yomwe imadalira masensa ake onse. Injini zambiri za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kupita mtsogolo zili ndi immobiliser, yomwe imakana kuliza injini ngati kiyi si yake. N'chifukwa chake odziwa amagula half cut, theka lakutsogolo la galimoto, kuti injini ibwere ndi giyabokosi, mawaya, ECU ndi timabawuti tonse tomwe pogula patokhapatokha timadya ndalama mwakachetechete. Njira ina ndi kuika ECU yoima payokha n'kukaitchuna pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Kanthu kakang'ono komwe ndinakakonda: geji yoonetsa kuzungulira kwa injini imawerenga moto wa mapulagi. Injini ya masilinda 4 imathetheka kawiri ikazungulira kamodzi, ya masilinda 6 katatu. Geji ya masilinda 4 mukailumikiza ku injini ya 6, imaonetsa 4,500 injini ili pa 3,000.

Za kutentha ndi mabuleki sindichulutsa, chifukwa samu yake ndi yachidule. Gawo lalikulu la mphamvu ya petulo limatuluka ngati kutentha, kudzera ku ekizozi ndi ku rediyeta, ndiye injini yowotcha petulo wambiri imafuna rediyeta yaikulu, ya turbo n'kufunanso malo a intercooler yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo. Liwiro likawirikiza kawiri, ntchito ya mabuleki imawirikiza kanayi, ndipo 240Z kumbuyo ili ndi mabuleki a dilamu. Dzimbiri nalo lisaiwalike. Galimoto zimenezi zilibe chasisi yapayokha, thupi lenilenilo ndilo limanyamula zonse, ndipo pomwe padyeka ndi dzimbiri mpomwe injini yamphamvu imang'amba.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Japan galimoto yosinthidwa injini iyenera kulembetsedwa ndi kuyesedwanso kuti idutse shaken, mayeso a boma a galimoto, ndipo pa chikalata chake amaonjezerapo chilembo cha kai chosonyeza kuti inasinthidwa. Ku California injini yolowayo iyenera kukhala ya chaka chofanana ndi galimoto kapena chatsopano, ndi zida zake zonse zochepetsera utsi. Kulikonse, a inshuwalansi akapeza injini yomwe sanauzidwe, akhoza kukana kulipira ngozi ikachitika.

Atandipatsa AE86 lero kuti ndisankhe, masilinda 6 sindingawayang'ane n'komwe. Ndingatenge 3S-GE BEAMS ya mu Altezza RS200 ya 1998: PS 210 popanda turbo, torque yosapitirira kwambiri Nm 200, inapangidwira kale galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, ndipo imabwera ndi giyabokosi yake ya magiya 6. Ndi yaitali msinkhu komanso yolemerapo kuposa 4A-GE, choncho za boneti ndi sampu sizithawika. Propushafti nayo iyenera kudulidwa mwatsopano, ndipo kupendekeka kwake kumbali ya giyabokosi kuyenera kufanana ndi kwa kumbali ya difu, apo ayi galimoto imanjenjemera pa liwiro. Kayezedwe ka kupendekeka kumeneku ndiye mutu womwe ndautsegula tsopano.