Zomwe ndaphunzira pa kulira kwa VTEC m'magemu a mpikisano wa galimoto

Anyamata osewera magemu pa Kasungu boma sasowa kuyang'ana geji kuti adziwe kuti Honda Civic yalowa VTEC, njira ya Honda yosinthira katsegukidwe ka mavalavu injini ikathamanga; amangomva ndi makutu. Injini yomwe imalira mobangula imasanduka yaukali mwadzidzidzi. Ambiri amaganiza kuti wopanga gemu amangowonjezera mphamvu pamenepo n'kukweza voliyumu, ndipo amene amayesa kupanga galimoto yawoyawo ya mu gemu ndi maganizo amenewa amatulutsa chinthu chosayendetseka bwino, cholira ngati chigayo.

Tiyambe ndi injini yeniyeni. Honda inatulutsa VTEC mu 1989 pa Integra ya injini ya B16A, ya malita 1.6, yotulutsa mahatchi 160 pa 7,600 rpm (rpm ndi kuchuluka kwa maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi). Kamshafuti yake, shafuti yotsegula mavalavu, ili ndi timapiri titatu pa mavalavu awiri alionse: tiwiri tating'ono m'mbali, kamodzi kakakulu pakati. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, tating'onoto nditomwe timatsegula mavalavu. Ikafika cha m'ma 5,500 rpm, kompyuta ya galimoto imalola oyilo kukankha kapini komwe kamamanga pamodzi timikono tonse titatu tokankhidwa ndi timapiri tija, ndiye mavalavu amatsatira kaphiri kakakulu, kutseguka kwambiri komanso kwa nthawi yaitali. VVT-i ya Toyota yomwe ili mu Sienta ndi Probox zodzaza pa depoti si yotero ayi. Iyo imangopotoza kamshafuti pang'onopang'ono kuti mavalavu atseguke msanga kapena mochedwa, koma kaphiri ndi komweko. Choncho injini ya 1NZ-FE ya m'magalimoto amenewa ilibe malo odumphira, ndipo kuiika kulira kosintha mwadzidzidzi mu gemu n'kunamiza osewera.

Magemu ambiri sawerengera mavalavu n'komwe. Amasunga tebulo la torque, yomwe ndi mphamvu yopotokola shafuti, pa rpm iliyonse. Mu gemu ya Assetto Corsa tebuloli lili mu fayilo ya power.lut, mzere uliwonse rpm mbali ino, ma Nm (muyeso wa torque) mbali inayo, ndipo gemu imalumikiza manambalawo ndi mzere wowongoka. Kuti muone ngati manambala anu ali m'malo mwake, chulukitsani Nm ndi rpm, mugawe ndi 9,549, mupeza ma kW, muyeso wa mphamvu ya injini. Pa VVT-i tebulo limodzi losalala likwanira. Pa VTEC jambulani mizere iwiri, wa timapiri tating'ono womwe umayamba kugwa injini ikathamanga, ndi wa kaphiri kakakulu womwe ndi wofooka pansi koma wamphamvu pamwamba. Malo abwino osinthira ndi pafupi ndi pomwe mizereyi yakumana. Ngati manambala anu mwawatalikitsa ndi 1,000 rpm, kusinthako kumafufutika, ndiye pakati pa 5,000 ndi 6,000 ikani nambala pa 100 rpm iliyonse. Koma musaike chidumpho chachikulu dala: ma Nm 25 obwera mwadzidzidzi pakona amachititsa mateyala akutsogolo kuterera, galimoto n'kupita kutchire. Zambiri zomwe dalaivala amati wakankhidwa kumsana zimachokera m'makutu.

Amene akulemba gemu yakeyake asaiwale kusiyanitsa polowera ndi potulukira mu VTEC. Mukaika zonse pa 5,500, galimoto yomwe ikuyenda pa liwiro lomwelo imangolowa, kutuluka, kulowa, kulira kwake n'kumachita chibwibwi. Lowani pa 5,500, tulukani pa 5,200. Phindu lake limaonekera posintha magiya. Tiyerekeze kuti giya wani ndi 3.230 ndipo giya thu ndi 2.105. Mukasintha pa 8,000 rpm, muvi wa geji ya rpm umagwera pa 8,000 kuchulukitsa 2.105 kugawa 3.230, yomwe ndi 5,214. Mwapulumuka ndi 14 rpm yokha! Wosintha pa 7,500 amagwera pa 4,888, watuluka mu VTEC, ndipo mnzake wamusiya. Apa m'pamene gemu imakomera, chifukwa wosewera amaphunzira kudikira muvi.

Tsopano kulira, komwe ndi ntchito yaikulu. Injini ya masilinda anayi imaphulitsa kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndiye pa 3,000 rpm liwu lake lalikulu ndi 100 Hz (kuphulika 100 pa sekondi), pa 6,000 ndi 200 Hz. Njira yofala ndi kujambula injini pa ma rpm osiyanasiyana, kudula tizidutswa tobwerezabwereza, n'kusiya pulogalamu monga FMOD kapena Wwise kuti izikweza kapena kutsitsa liwu potsata muvi. Cholakwika choyamba ndi kutamula kachidutswa kamodzi mtunda wautali. Kojambulidwa pa 4,000 kakaseweredwa pa 6,000 kathamangitsidwa ndi 1.5, ndipo mkokomo wa paipi ya ekizozi, womwe pa galimoto yeniyeni sukwera motsatira muvi, nawonso umakwera, injini n'kumalira ngati udzudzu. Jambulani pa 500 kapena 1,000 rpm iliyonse. Chachiwiri ndi podulira. Injini imamaliza ntchito yake yonse ikazungulira kawiri, zomwe pa 3,000 rpm zimatenga masekondi 0.04. Kachidutswa kanu kakhale 0.04 kuchulukitsa nambala yathunthu, monga masekondi 2.00, ndipo mudule pomwe funde ladutsa pa ziro mu pulogalamu yodulira mawu ya Audacity, apo ayi muzimva kuti thi, thi, thi nthawi zonse kakabwerera poyambira. Posakaniza tizidutswa tiwiri toyandikana sankhani equal power, njira yosunga mphamvu ya mawu yofanana posakaniza, chifukwa kusakaniza kwa mzere wowongoka kumatsitsa mawu ndi pafupifupi 3 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu) pakati.

Pamafunika magulu awiri a zojambula, lina moto uli wopondedwa, lina phazi litachotsedwa. Kujambula galimoto itaima pa garaja, giya ili pa fulii, sikuthandiza: injini yopanda katundu imalira mopepuka, ndipo Honda zambiri sizilowa VTEC galimoto ikaima kapena injini isanatenthe. Pezani chitunda pa msewu wopanda anthu, wina aziyendetsa, maikolofoni imodzi mumange pa bampala cha m'mbali mwa ekizozi kuti utsi usaiwombe, muikute ndi siponji chifukwa cha mphepo, ina muiike pafupi ndi bokosi la eyafyuta. Ya ku eyafyutayo musaipeputse, poti ukali wa VTEC wambiri umatulukira kokokera mpweya. Foni imadzichepetsera yokha mawu phokoso likakula, ndiye zimitsani zimenezo ngati zingatheke.

Pa VTEC magulu aja achulukitseni kawiri, la kaphiri kakang'ono ndi la kakakulu, ndipo kuchoka ku lina kupita ku linzake kutenge nthawi yochepa, cha m'ma masekondi 0.1. Chomwe ndikuchiona chofunika kuposa zonse n'chakuti kulira kusamadziwerengere kokha rpm. Kuzitsatira swichi yolowera ndi kutulukira mu VTEC, yomwenso imasankha tebulo la torque. Mukapanda kutero, muvi ukamatsika n'kufika pa 5,300 injini imakhala ikadakoka ndi kaphiri kakakulu pomwe sipika yabwerera kale ku kulira kwa kakang'ono, ndipo makaniko aliyense wa pa Kasungu woti waigwirapo Honda adzakuuzani pa kona yoyamba kuti galimotoyi ikunama.