Sabata ya m'chigwa cha Ruo ndi alendo ofuna kupeka moto

Alendo ambiri okwera phiri la Mulanje amayambira ku Likhubula n'kulowera ku Chambe kapena ku Lichenya, ndipo amabwerera kwawo akuganiza kuti phiri lonse ndi udzu, matanthwe ndi mikungudza yotsala apa ndi apo. Kummwera chakummawa, kumene kumatsikira mtsinje wa Ruo, ndi dziko lina. Mphepo yachinyezi yochokera ku Mozambique imayamba yagunda kumeneko, mwakuti mvula ya pachaka imaposa mamilimita 2,000. M'chigwamo munatsala nkhalango yosayoyola masamba: mbawa, mkweranyani, zilambe zolendewera, pansi ponse chinyontho, dzuwa longosuzumira. Ndi m'menemo momwe ndinathera sabata yathayi, ine monga gaidi, mapotala anayi ndi alendo asanu.

Ulendowu unagulitsidwa ndi kampani ina ya alendo pansi pa dzina lakuti "jungle survival". Pepala lomwe alendowo anatumiziridwa linalonjeza zinthu zokoma kumva: kupeka moto popanda machesi, kugona mumsasa womanga okha, kudya za m'tchire ndi kuwoloka mtsinje pachingwe. Wolemba pepalalo sindikukhulupirira kuti anagonapo m'chigwa cha Ruo mwezi wa Meyi.

Lamulungu tinakumana pa Chitakale. Panali atsikana awiri a ku Germany, bambo wina wachikulire wa ku Durban yemwe anati anakhalapo msilikali, ndi anyamata awiri a ku Lilongwe ogwira ntchito muofesi. Ntchito yanga yoyamba nthawi zonse ndi kukhutula zikwama zawo pansi, ngakhale ena amanyinyirika. Ndinachotsa mabuluku a jinzi, chifukwa akanyowa sauma ndipo amayamwa kutentha kwa thupi. Ndinachotsa zikwanje ziwiri zatsopano zonyezimira. Ndinawagulitsa majumbo akuda oti akutire zogonera ndi zovala za usiku. Potala sanyamula katundu woposa makilogalamu 18, ndipo pamenepo sindinyengerera munthu, ngakhale atalonjeza kuwonjezera ndalama. Tinagula ufa, nyemba, usipa, soya, mpunga, shuga, masamba a tiyi, WaterGuard ndi Thanzi ORS.

Lolemba tinadutsa m'minda ya tiyi ya ku Lujeri, n'kupitirira pamalo opangira magetsi, kenaka nkhalango inatimeza. Usanafike pamthunzi wa mitengo ikuluikulu pali thengo la m'mphepete, ndipo phunziro loyamba linali chitedze: chioneni, chidziweni, musachikhudze. Lachiwiri linali mayendedwe. Mwala wa ndere suupondera m'mbali, ndodo imatsogola phazi, ndipo pogwira mtengo umayamba wayang'ana chomwe chili pamtengopo. Nchima zinatilondola m'mwamba kwakanthawi zikutukwana.

Posankha pogona m'pamene tinayamba kusiyana maganizo. Bambo wa ku Durban anapeza mchenga wosalala bwino m'mbali mwa mtsinje ndipo anali atayamba kale kutambasula tenti. Wamkulu wa mapotala, yemwe tonse timangomutcha Mdala, sanatsutse. Anangomugwira pamkono n'kumulozera zinyalala ndi timitengo zokodwa panthambi pamwamba pa mutu wake.

"Auzeni bwanawo, achimwene," anatero kwa ine, "kuti zimenezo sizinakwere zokha. Madzi saiwala khwawa."

Chiwombereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mitsinje yambiri ya m'phirimu inasintha. Miyala ikuluikulu inasuntha, magomo anagumuka, ndipo malo ena omwe tinkawadalira kale sitiwakhulupiriranso. Tinakwera pang'ono n'kumanga pamtunda. Kumeneko ndinawaonetsa kuyang'ana kumwamba asanakhome chikhomo chilichonse, chifukwa nthambi youma ya mbawa ikathothoka usiku tenti siiletsa. Lona tinaikunga motsetsereka kuti madzi asadikhe, n'kukumba kangalande kumtunda kwake.

Lachiwiri linali tsiku la moto, lomwe onse ankaliyembekezera. Kupeka moto ndimakudziwa, ndinaphunzira kwa agogo anga, koma iwo ankapeka m'chilimwe ndi mtengo wouma gwa umene ankausunga padenga. M'nkhalango ya Ruo mulibe chouma. Chikuni chogwa pansi chimakhala chonona madzi mpaka mumtima. Ndinawalola kuti ayese mmawa wonse, chifukwa munthu amene walipira ndalama zake sangakhulupirire pongomuuza. Manja anatuluka matuza, utsi unaoneka kawiri, khala ayi.

Atatopa m'pamene tinaphunzitsa zenizeni. Nkhuni sutola pansi, umathyola tinthambi touma tomwe tikadali m'mwamba kapena tokodwa m'zilambe. Chikuni chokulirapo umachiwaza n'kusenga tizipalapala ta m'kati. Pansi umayala makungwa kuti moto usakhale padothi lonyowa. Umasonkhanitsa zonse, kuyambira zonga udzu mpaka zonga chala, usanayatse kalikonse, chifukwa moto wa m'chinyontho ukausiya kuti ukafune nkhuni umaupeza utazima. Kenaka Mdala anapisa m'thumba n'kutulutsa kachidutswa ka mphira ya chubu cha njinga, anakayatsa ndi laitala, ndipo posakhalitsa madzi a tiyi anali pamoto. Mmodzi wa atsikana aja anaseka mpaka misozi, nati kumeneko ndi kubera. Ine ndinamuyankha kuti aliyense pagulupo ayende ndi laitala ziwiri zokulunga mujumbo, ina m'thumba la buluku, ina m'chikwama, pamodzi ndi kamphira kotero. Kupeka n'kokoma kuonetsa alendo pabwalo la hotela. Munthu amene akunjenjemera ndi chisanu sangapeke.

Usiku womwewo kunabwera linthumbu. Amene sanalumidwepo amaliyesa nyerere wamba. Limayenda mumzere wa miyandamiyanda, limakwera mwakachetechete mpaka m'chiuno, kenaka lonse limaluma ngati lapangana. Mnyamata mmodzi wa ku Lilongwe anatuluka kukataya madzi opanda tochi n'kuima pamzere penipeni. Kukuwa kwake kunadzutsa msasa wonse. Mankhwala ake ndi amodzi: thawa pamalopo, vula zonse, tola limodzilimodzi, manyazi uchita mawa. Tinawaza phulusa lotentha kuzungulira matenti, mzere unakhota, koma tulo tinali tatha. Kuyambira pamenepo palibe anaiwalanso kutseka zipi kapena kukutumula nsapato asanavale.

Za kudya za m'tchire ndinawauza zoona Lachitatu mmawa. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, kusaka n'koletsedwa, ndipo ngakhale kukanaloledwa, nkhalango yowirira siidyetsa munthu monga amaganizira. Zipatso zili kutali m'mwamba, kwa nchima ndi mbalame. Masuku ndi a m'munsi, m'nkhalango za miombo, ndipo nyengo yake ndi ya kumayambiriro a dzinja. Bowa sindilola mlendo kutola, ngakhale atamufananiza ndi chithunzi cha pafoni. Tinagwira nkhanu pansi pa miyala kuti aone mmene zimapezekera, n'kuzibwezera. Madzi okha ndiwo ali ponseponse, ndipo ngakhale aoneke oyera mbee timawathira WaterGuard kapena kuwawiritsa, chifukwa sudziwa amene wagona kumtunda.

Ndipo kumtunda kumakhaladi anthu. Tsikulo tinamasula misampha ya waya itatu yotchera mbira ndi agwape, ndipo masana tinapatukira anyamata otsika ndi matabwa pamutu, opanda nsapato, akuthamanga pamalo amene alendo anga ankakwawa. Tinapatsana moni. Mtsikana wina anafuna kuwajambula, ndinamuletsa. Ena mwa anyamatawo ndi a m'midzi yomwe mapotala anga amachokera, ndipo ine ndidzadutsanso njira yomweyo alendo atapita. Madzulo mtsikanayo anandifunsa chifukwa chake sitinawadzudzule anyamatawo. Ndinamufotokozera za mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, momwe unathera ndi macheka ndi moto, ndi momwe a Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akubzalira mbande pamodzi ndi anthu a m'midzi. Ndinamuuzanso kuti mu Julaye 2025 bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, UNESCO, linaika phirili pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Iye anati ndiye kuti zinthu zisintha. Mdala anangosonkhezera moto.

Lachinayi kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika mpaka m'mitengo, mawawa osalekeza, mphepo yozizira yolowa m'mafupa. Mvula yotere sioopsa poiona, koma imakhala ikugwa paphiri lonse, ndipo madzi a pamatanthwe a pamwamba alibe kolowera koma m'makwawa. Pofika pa kamtsinje kothira mu Ruo kamene tinayenera kuwoloka, tinakapeza katasanduka. Mwala umene timayezera kuzama kwa madzi unali utamira, madzi anali ofiirira, ndipo pansi pamamveka miyala ikugubuduka. Phokoso limenelo likamveka, nkhani yatha.

Bambo wa ku Durban sanafune kumva. Anati chingwe tili nacho, pepala linalonjeza, ndipo iye anawolokapo mitsinje yoposa apa. Anyamata a ku Lilongwe anayamba kumuvomereza, mwina poopa kuoneka amantha pamaso pa atsikana. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni ya gaidi, ndipo palibe amaijambula. Ndinawauza kuti madzi othamanga akapitirira m'mawondo amakugwetsa ngakhale uli ndi mphamvu zotani, kuti chikwama chimakukanikizira pansi, ndipo chingwe chomangirira m'chiuno chimene iye ankachidalira ndicho chimamiza munthu, chifukwa chimamugwira pamalo amodzi madzi akumukwirira. Ndinawonjeza chimene alendo sachiganizira: woyamba kulowa m'madzi kukamanga chingwecho tsidya sakhala mlendo, amakhala potala.

"Ndiye tikhala pano mpaka liti?" anafunsa mokwiya.

"Mpaka mwala uwo uoneke, bwana."

Mitsinje ya m'phiri imadzaza msanga n'kuphweranso msanga mvula ikaleka kumtunda. Tinabwerera pamalo okwera, tinakunga lona, tinazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti tiziona ngati akutsika. Bamboyo sanandilankhule tsiku lonse, ndipo zimenezo sizinandidetse nkhawa. Amene anandidetsa nkhawa ndi mnyamata wamng'ono wa ku Lilongwe. Anali atavula jekete poyenda chifukwa cha thukuta, malaya ananyowa, ndipo titaima anangoti zii. Ndinamuona akulephera kutseka zipi, mawu akutuluka mokoka, akuti ali bwinobwino. Munthu wozizidwa kwambiri sadziwa kuti wazizidwa. Tinamuvula zonyowa, tinamuveka zouma za mujumbo lija, tinamulowetsa m'thumba logonamo pamwamba pa mphasa ya pulasitiki, mnzake n'kugona momukhudza. Mdala anayatsa moto ndi kamphira kake mvula ili mkati, ndipo tinamumwetsa tiyi wa shuga wambiri pang'onopang'ono. Patapita nthawi anayamba kudandaula za njala, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Alendo amabwera akuopa njoka ndi akambuku. Njoka ziliko, ndipo ndimawaphunzitsa kuti wolumidwa samutema, samuyamwa, samumanga chingwe cholimba. Umamugoneka, mwendo usagwedezeke, n'kumunyamula kupita kuchipatala. Koma sabata yonseyi tinaona imodzi yokha, nayonso ikuthawa. Chimene chapha anthu paphirili ndi nkhungu, chisanu ndi madzi. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndipo sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake m'munsi mwa nsonga yomweyo, nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Akuluakulu a kuno ali ndi kafotokozedwe kawo ka mizimu ya m'phiri, ndipo ine sinditsutsana nawo pamaso pa alendo, pakuti malangizo awo ndi anga amathera pamodzi: usayende wekha, usanyoze phiri.

Lachisanu mmawa mwala unaoneka. Tinawoloka madzi ali m'munsi mwa mawondo, atatuatatu, titagwirana m'mapewa, malamba a zikwama titamasula, nsapato zili kuphazi. Kukwera kotuluka m'chigwa n'kowawa, mizu ndi matope, koma masana mitengo inayamba kufupika ndipo tinatulukira paudzu wa pamwamba, kufupi ndi kanyumba ka Minunu. Mlonda anatilandira ndi moto. Mafoni anayamba kulira, ena atagwira netiweki ya ku Mozambique. Bambo uja, atamwa tiyi, anandifunsa ngati tingathe kukafika pa Sapitwa, mamita 3,002, mawa lake n'kutsika tsiku lomwelo. Ndinati ayi, ndi kutali ndipo mnyamata uja sanabwerere mphamvu. Ulendo uno anangogwedeza mutu n'kupempha nsima yowonjezera.

Loweruka tinatsika njira yomwe tinakwerera, mitsinje itaphwa. Pa Chitakale ndinawakumbutsa kuti aliyense akamva kutentha thupi m'masabata akubwerawa akayezetse malungo msanga, ndipo a kunjawo akauze dokotala kumene anali. Ndinawauzanso kuti zovala zonse zimene tinayanika kutchire akazisite, kuopa mphutsi zoboola khungu. Mapotala ndinawalipira pamaso pa alendo, aliyense m'manja mwake, monga ndimachitira nthawi zonse kuti pasakhale zokayikirana.

Dzulo ndakhala ndikuchapa matenti ndi kusoka lona imene inang'ambika Lachinayi. Ndalemberanso a kampani ija kuti pa pepala lawo achotsepo za kuwoloka pachingwe, awonjezere tsiku limodzi lodikirira madzi, ndipo pamndandanda wa zonyamula alembepo majumbo ndi laitala. Ayankha kuti za tsiku lowonjezera aziganizira chifukwa zikweza mtengo, koma za chingwezo akuti ndi zimene zimakopa anthu. Gulu lina likufika pa 20, ndipo Mdala wanena kale kuti akapita pokhapokha ngati chingwecho chikhale choyanikira zovala.