Sabata yanga ndi ming'alu ya m'galaja

Lolemba m'mawa ndinayamba ndi kuona tizigamba ta pulasitala timene ndinamata modutsa ming'alu miyezi iwiri yapitayo. Palibe kamene kanasweka. Mtima unakhala pansi, chifukwa khoma likasiya kuyenda ndiye kuti maziko ali bwino.

Khomali ndi la mabuloko a konkire yopepuka, yotuwa ija ya timabowo ngati siponji. Anaitulukira ku Sweden m'zaka za m'ma 1920. Amathira ufa wa aluminiyamu mu simenti, laimu ndi mchenga wopera, ndiye zimafufuma. Buloko lake umatha kulidula ndi sowo. Koma limamwa madzi kwambiri, ndipo likamauma limakhwinyata. Khoma lotere limafuna mpata wopumira pafupifupi pa mamita 6 aliwonse. Ili ndi la mamita 9, lopanda mpata ngakhale umodzi.

"Amisiri, bwanji osangochulutsa simenti kuti zitheretu?" anafunsa eni nyumba.

Ndinawatengera pakona ya zenera. Wina anamatapo kale matope a 1:3, gawo limodzi la simenti pa magawo atatu a mchenga, olimba ngati mwala. Chigamba chake chili gwa, koma mng'alu unangosendera pambali n'kudutsa pakati pa buloko lenilenilo.

"Bambo, matope akaposa buloko mphamvu, losweka ndi buloko."

Anapapasa ndi chala, osanenanso kanthu.

Lachiwiri tinakuza ming'alu ndi tchizulo, pang'onopang'ono, pakuti buloko ili ukalimenya mwaukali limagumuka chibenthu chachikulu. Apa ndi pamene tinataya tsiku. Ndinapita kukatenga zitsulo osamuuza mnyamata wondithandiza kuti achotse fumbi ndi kunyowetsa khoma asanamate. Pobwera ndinapeza wamata bwino ndithu, koma buloko louma linali litayamwa madzi onse a m'matope. Nditakanda ndi chikhadabo, anangoyoyoka ngati ufa. Kulakwa kunali kwanga. Tinakokolola zonse, ndipo ndinamugwiritsa bulashi yonyowa kuti aone yekha mmene madzi amazimiririka pakhomapo.

Mng'alu wa pazenera, wa mamilimita 4, tinausoka. Timatsegula mizere ya matope ndi gulayindala, n'kulowetsamo tizitsulo topotana tosachita dzimbiri, ta mamilimita 6, topitirira theka la mita mbali iyi ndi iyo. Ntchito iyi ndimaikonda. Siioneka ikatha, koma ndi imene imamangiriza khoma.

Mng'alu wapakati, woongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi, sindinautseke ndi simenti. Khoma linadzisankhira lokha popumira, ndiye ndinangowongola, n'kuikamo siponji ndi phala lotamuka.

Lachisanu tinapaka pulasitala wofewa wa 1:1:6, simenti, laimu ndi mchenga, ndi kaukonde m'kati mwake. Tikuwaza madzi madzulo, mnyamata uja anandikodola. Kuseri, mpope wotsitsa madzi a padenga unali woduka, ndipo mabuloko a pakona anali obiriwira ndi ndere. Miyezi iwiri yonseyi ndinkayang'ana khomalo kuchokera m'kati mokha.

Loweruka tinalumikiza mpopewo. Ndawapempha bambo aja kuti asapente msanga, ngodyayo iyambe yauma. Pafupi ndi zenera ndalembapo tsiku ndi pensulo, ndipo ndidzabweranso mvula ikagwa kangapo.