Land Rover ya mdala, sandipepa ndi chiperoni

Sabata yonseyi pagalaja pathu pa Luchenza takhala tikulimbana ndi Land Rover Series III, imodzi mwa zija zinkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Mwiniwake ndi mdala wina amene anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi konkuno ku Thyolo, ndipo akufuna ioneke monga inkaonekera masiku ikuzungulira m'minda. Injini tinathana nayo kale. Chatsala n'kukonza bodi kuti ipite ku Limbe kwa wopenta amene ali ndi chipinda chotseka chopoperamo penti, poti kuno fumbi ndi tizilombo sizingatilole.

Lolemba tinangomasula: magetsi, magalasi, malabala, zogwirira zitseko, mabawuti onse m'zitini zolembalemba.

Lachiwiri mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anatenga maginito, monga timachitira pa Peugeot 404 pofufuza malo amene ena anamatapo fila, phala lokwirira malo opindika lomwe maginito sagwirapo. Anayika pachitseko, maginito n'kugwa. Paboneti, n'kugwanso. "Abwana, galimoto yonseyi ndi fila yokhayokha!" Ndinaseka mpaka misozi. Bodi ya Land Rover zachikalezi ndi ya aluminiyamu, maginito sangagwire. Pamene pamagwira maginito ndi pomwe pali mavuto: tchesisi, mafelemu a zitseko, ndi khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi anthu. Popondera dalaivala dzimbiri linali litadya moti sikuludiraiva inangolowa osakankha n'komwe. Tinadula n'kuwotcherera chitsulo chatsopano. M'munsi mwa zitseko, pamene aluminiyamu imakhudzana ndi chitsulo, tinapeza ufa woyera ndi timabowo ting'onoting'ono. Zitsulo ziwirizi zikakumana pachinyezi, aluminiyamu ndi imene imadyeka, ndipo ufawo ukausiya pansi pa penti umadzatukumula matuza.

Aluminiyamu sifuna ukali. Ukaimenya kwambiri ndi nyundo imatamuka, ndipo kuibweza ndi ntchito ina. Ngakhale gulainda ndinamulanda mnyamatayo, ndinati tipale ndi manja: sandipepa yokhakhala ya nambala 80 pochotsa penti yakale, kenako yosalalirapo ya 180. Pa aluminiyamu yopalidwa pamayamba kupita etch primer, penti yapansi yogwira pachitsulo, apo ayi penti imadzasupuka yokha. Pamwamba pake pamabwera pulaimala, penti ina yapansi yokhuthala, ndiye timawazapo penti yakuda pang'ono chabe n'kukwecha ndi thabwa lokulunga sandipepa ya 320. Pamene patsala kadontho kakuda, pamenepo ndi pokumbika. Diso limanama, koma thabwa lija silinama.

Ndiye Lachitatu masana kunagwa chiperoni. Nkhungu inaphimba phiri la Mulanje, mawawa osakata mpaka Lachisanu m'mawa. Pulaimala imamwa chinyezi, kompuresa nayo imayamba kulavula madzi m'paipi, choncho ndinayimitsa kupopera, tinangofunditsa bodi n'kumatsuka mabawuti. Mdala uja anafika ndi ambulera, nkhope ili gwaa.

"Amisiri, paja munati Lachisanu."

"Madala, ndikapopera lero, pofika Khirisimasi mudzabwera kudzandimanga."

Anang'ung'udza, kenako anakhala pa tayala n'kuyamba kutisimbira mmene galimotoyi inkakwerera zitunda zamatope nthawi ya dzinja. Ambiri amaganiza kuti ndalama ya penti imathera kwa wopopera, chonsecho iye amagwira maola ochepa. Sabata zonse zimathera pa sandipepa.

Dzuwa litatuluka tinamaliza ndi sandipepa ya 400, n'kupukuta bodi yonse ndi mankhwala ochotsa mafuta. Polishi ndi girisi ndinaletsa kuti zisayandikire, chifukwa kadontho kamodzi penti imathawa n'kusiya timaso.

Loweruka tinaikweza pa lole, zitseko ndi boneti pazokha titakulunga m'mabulangete. Ku Limbe wopenta anayendetsa chikhatho paliponse osayankhula, n'kuzunguliza choko pamalo amodzi pafupi ndi tayala lakumbuyo, akuti akwechaponso yekha. Mtundu tagwirizana wobiriwira wotchedwa Bronze Green. Za denga ndiye sizinathe: ine ndikuti lipakidwe penti yoyererako yotchedwa Limestone, mdala akuti lonse libiriwire, ndipo wanena kuti akafunsa kaye mayi akunyumba.