Zikomo kwa amene munagwira kalasi ya ndakatulo

Malungo atandigoneka, ana a Fomu 1 kuno ku Nkhotakota akanatsalira pa ndakatulo. Amayi anzanga ophunzitsa Chichewa, ndi inu abambo opuma ntchito amene mwakana kutchulidwa dzina, zikomo kwambiri.

Simunayambe ndi kulemba matanthauzo pabolodi. Munalakatula ndime imodzi ya mizere inayi katatu, ana atatseka mabuku, kenako n'kufunsa kuti akuyankhula ndani, akuuza yani. Nsinjiro za chiyankhulo munazitola m'kamwa mwa ana omwewo. Mwera utawomba wina anati "nyanja yakwiya lero," inu n'kumuuza kuti umenewo ndiye umunthu, kupatsa chinthu khalidwe la munthu. Wina anati "kung'anima ngati usipa padzuwa," kalasi yonse n'kuona kuti chifanifani chimadziwika ndi "ngati" kapena "monga".

Ambiri amagwa pa zining'a. Mwana amaganiza kuti "kutsina khutu" n'kutsinadi ndi zala, chifukwa anangoloweza osachimvapo m'chiganizo. Inu munawatuma kwa agogo awo, aliyense akatenge chining'a chimodzi pamodzi ndi nthawi imene chimanenedwa. Nzeru imeneyi ndaitenga.

Pobwerera ndapeza mwana aliyense walemba ndakatulo yakeyake, ngakhale aja amanyazi akulakatula kutsogolo, ndipo sabata ino tayamba mikuluwiko pa nthawi yake.